Nkhata za Kuseri kwa Nyumba ya Tchale

Sunthani, sunthani, ine ndikhale uko kulibe utsi. Iwe, tembenuza chimangacho chingapserere. Mwati mukufuna kudziwa chifukwa chake nyumba ya a Tchale ili ndi makomo awiri oyang'anizana, aakulu moti ngolo ikhoza kulowa uku n'kutulukira uko? Chabwino, ndikuuzani. Koma wina asandidule pakamwa, chifukwa m'nkhani imeneyi ine amene sindiyera kwenikweni.

Tchale ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Filesi. Kwawo ndi kuchigwa, kumene dzuwa limawotcha mpaka abuluzi kubisala, ndipo kuno kumapiri anabwera chikamwini. Ine ndiye mwini mbumba, ndipo masiku amenewo ndinali ndi matama osasimbika. Zaka khumi ndi zisanu munthu uja anakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe yathu. Tinkamutuma, tinkamuseka kalankhulidwe kake kakuchigwa, iye n'kumangomwetulira. Chilimwe chilichonse ankapita kukadula nzimbe, kubwerako ndi malata awiri kapena atatu, n'kumawasunga pa denga la khola. Ife tinkati mbuzi za Tchale ndiye zidzayambe kugona m'malata mwini wake asanalawe.

Tsiku lina anabwera kwa ine chipewa chili m'manja.

"Alamu, malata akwana. Ndimati mundionetse pomanga."

Tsono mverani pomwe ndinalakwa. Kumtunda kwa mudzi kunali malo amene aliyense ankawalambalala polima. Pakati pake pankadutsa kangalande kosazama, kowongoka ngati wachita kukoka ndi chingwe, kochokera kuchigwa kulunjika kuphiri la Kamphepo. Madzi sankayendamo. Udzu unkamera m'mbali koma m'katimo ayi. Tonse tinkadziwa kuti imeneyo ndi njira ya amachila.

Ana a lero mukamva machila mumaganiza zonyamulira wodwala. Ayi. Machila inali nsalu. Kalekale, azungu asanabwere, Angoni asanamveke n'komwe, anthu akuchigwa ankalima thonje lawolawo, lalifupi, lokhakhala ngati ubweya wa nkhosa. Amuna ankalipota n'kuwomba nsalu zolimba zoti mdzukulu n'kudzavalanso. Akakolola, ankamanga nsaluzo m'mitolo italiitali, kuwonjezapo mchere, n'kukwera nazo kuno kudzasinthitsa ndi makasu a anthu osula zitsulo. Pamodzi nawo pankabwera ena osachita malonda, onyamula nsalu yakuda kupita nayo kukachisi wa ku Kamphepo kukapempha mvula. Ankayendera limodzi poopa zilombo ndi achifwamba. Mapazi a anthu amenewo ndi amene anakumba kangalande kaja, chaka ndi chaka, mibadwo ndi mibadwo. Kenako kunabwera nsalu za m'sitolo, kunabwera msewu, kachisi anagwa, njira n'kungotsala chipsera.

Ine, m'malo momupatsa mlamu wanga malo abwino a pafupi ndi mtengo wa mtondo, ndinamutengera pomwepo.

"Apa, akamwini. Maziko akukumbirani kale makolo."

Anthu anaseka. Tchale anayang'ana kangalande kaja, anayang'ana ine, n'kuwomba m'manja kuthokoza. Anakwirira ndi miyala, anawumba njerwa yekha, anawotcha yekha. Filesi ankatunga madzi ali ndi nyimbo pakamwa. Ndipo nyumba inatuluka, ana inu! Zipinda zitatu, balaza pakati, khonde la simenti, malata ali waliwali moti oyenda pamsewu ankaima n'kumaloza. Tsiku lolowamo tinavina mpaka fumbi koboo. Filesi anakhazika makina ake osokera pawindo, n'kumapalasa ngati mkazi wa bwana. Ine mtima unandiwawa pang'ono, sindinama, pakuti yanga inali ikadali yaudzu.

Munali mu Okutobala. Sabata yoyamba kunali phee.

Chinayamba ndi madzi. Filesi ankadzaza mtsuko madzulo n'kuusiya pakhonde. Kukacha, mtsuko uli gwa, wouma mpaka pansi, koma wovundikira bwinobwino, chikho chotsukidwa, chovundikiridwa pamwamba pake. Anadzandidandaulira, ine ndinati ndi mbuzi.

"Achimwene, mbuzi yotsuka chikho munaiona kuti inu?"

Kenako ulusi. M'kabokosi ka makina munali ulusi wamitundumitundu, koma wosowa unali wakuda wokha. Akagula wina Lachiwiri, pofika Lachinayi patsala kamtengo kake. Wofiira uli pompo, woyera uli pompo.

Ndiye kunabwera nkhata. M'mawa wina Tchale akusesa kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana kuchigwa, anapeza nkhata zitatu zaudzu, zija timaika pamutu posenza katundu. Zinali zatsopano, zophwathalala pakati ngati zangotsitsidwa kumene, zitandandalikidwa m'munsi mwa khoma. Anazitaya kudzala. Mawa lake anapeza zisanu ndi ziwiri. Anazitentha. Mkuja wake analeka n'kuwerenga komwe. Udzu wa kuseriko unagona pansi malo aakulu ngati pamene pakhala anthu pamaliro. Paminga ya mitengo panayamba kukodwa timaulusi ta thonje, chonsecho kuno thonje sitilima. Nkhuku zikafika pamenepo zinkakhota, n'kuzungulira patali, mwaulemu, ngati zikulambalala akuluakulu. Ndipo masana dzuwa likaswa mtengo, pankamveka fungo la thukuta, la utsi ndi la mchere wonyowa.

Ine ndinapita kukaona ndekha, ndodo m'manja, kuti ndikathetse zopusazi. Nditafika pakati pa udzu wogonawo ndinamva ngati ndalowa mu basi yodzaza. Palibe anandikhudza, koma mpweya unali wofunda, wa anthu. Ndinapezeka ndikunena ndekha kuti, "Pepani, ndidutse nawo." Ndinabwerako osayang'ana m'mbuyo, ndipo sindinauze munthu.

Amene anaona kanthu ndi maso ndi Filesi. Anali kutsuka mbale masana, anangoona chithunzithunzi chagwera m'beseni. Potukula mutu, pangodya ya nyumba paima bambo wamtali, wopanda nsapato, atavala nsalu yochindikala yomanga paphewa, mtolo wautali uli pamutu. Nkhope yake Filesi sanathe kuifotokoza. Ankati ukaiyang'ana maso amangoterereka. Koma mawu ake anali ofatsa, akalankhulidwe kakuchigwa.

"Mayi, madzi aja tathokoza. Kodi atsegula liti?"

"Atsegule chiyani, bambo?"

Anawerama kuti aike mbale pansi, podzuka palibe munthu. Anathamangira kwa ine sopo ali m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Achimwene, koma ndiye aulemu! Koma ndiye ndikuopa!"

Zikanathera pa madzi ndi ulusi, bwenzi tikungoseka. Koma Novembala anatha mvula osagwa. Disembala analowa, kumwamba kuli mbee. Chodabwitsa n'chakuti mitambo inkabwera ndithu. Masana alionse inkakwera kuchokera kuchigwa, yakuda bii, mphepo yake yonunkhira dothi. Tinkathamanga kukaanula zovala. Ikafika pamwamba pa nyumba ya Tchale inkaima, n'kukhala pomwepo mpaka madzulo, kenako n'kusungunuka. Mbewu zinali m'madengu, mizere yolimalima ikungotuluka fumbi.

Anthu sachedwa kuloza chala. Kuchitsime, kuchigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani inali imodzi: mkamwini watseka njira ya mizimu. Palibe ndi mmodzi yemwe anakumbuka amene anamuonetsa malowo, ndipo ine sindinawakumbutse. Amuna a m'mudzi anabwera kwa ine monga mwini mbumba, motsogozedwa ndi a Bonongwe, munthu wa mawu aakulu amene mbewu yake ya mtedza inali itayamba kufumbwa.

"A Mangulenje, mlamu ndi wanu. Nyumba ija igwe. Loweruka tikubwera ndi mapiki."

Ndinapita kukamuuza Lachitatu. Ndinamupeza akupaka laimu khonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kupukuta manja.

"Ndamva, alamu. Koma ikagwa nyumbayi, ine ndibwerera kwathu. Kuseri kwa nkhokwe kuja sindingakalowenso. Ndakalamba nako kusekedwa."

Filesi anatuluka m'nyumba ngati mavu.

"Inu achimwene, mulibe manyazi? Anawaonetsa malo ano ndani? Munkafuna anthu aseke, aseka. Tsopano mukufuna mundilande nyumba ndi mwamuna yemwe tsiku limodzi? Akapita awa, ine ndipita nawo, mbumba yanuyo mudzaiyang'anire nokha!"

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma pakamwa panga panangotuluka kuti, "Loweruka." Ndinali wouma mutu, ndikuvomera.

Lachinayi masana Tchale anachita chinthu chimene ine sindikanayerekeza. Anatenga mpando, anatenga mtsuko wodzaza, n'kukakhala kuseri kwa nyumba pakati penipeni pa nkhata zija. Anatchera khutu nthawi yaitali. Madzulo ake anabwera kwanga akuthamanga ngati mnyamata, maso akuwala.

"Alamu! Alamu! Ndi akwathu!"

"Akwanu ndani?"

"Ali kuseriwa. Ndawamva akung'ung'udza nyimbo. Ndi nyimbo imene bambo anga ankaimba akamapota chingwe, ankati anaiphunzira kwa agogo awo owomba nsalu. Ndiye ndakumbuka zimene ankanena. Wonyamula nsalu yakuda akangonyamuka, sapatuka panjira ndipo sabwerera m'mbuyo mpaka akafike kukachisi. Mtengo ukagwera panjira, amakhala pansi kudikira kuti eni dera adzauchotse. Amalonda nawonso samusiya yekha, amadikira naye. Alamu, anthuwa sanakwiye ayi. Akungodikira. Miyezi iwiri ali pansi, nsalu yayamba kutha m'mphepete, n'chifukwa chake akubwereka ulusi wa mayi a kunyumba."

"Ndiye bwanji osangozungulira? Nyumba yake ikuluikulu yotani?"

"Ndi mwambo, alamu. Inuyo mungadumphe manda chifukwa choti njira yafupika?"

Iye anapitiriza.

"Njirayo ikudutsa pabalaza. Sakufuna nyumba yonse. Akufuna podutsa basi."

Lachisanu m'mawa tinamva nyundo ikulira kumtunda. Munthu amene anawumba njerwa iliyonse ndi manja ake anali kugumula khoma lake lomwe, akuimba. Anaboola khomo kumbali ya kuchigwa, linanso kumbali ya kuphiri, moyang'anizana, saizi ya khomo wamba. Anatulutsa mipando, Filesi anasesa, n'kuwaza madzi pansi. Ine ndinaima patali, kumtondo, ngati ndikungodutsa.

Dzuwa litafika pamutu, udzu wa kuseri unayamba kuchita phokoso ngati anthu akudzuka n'kudzikung'untha. Kenako pakhomo latsopano lija panamveka khwee! Ndiye gu! Ndiye khwee kachiwiri. Tizidutswa ta njerwa tinagwa kuchokera m'mwamba, mbali zonse ziwiri, pamsinkhu wa mutu wa munthu. Kunakhala zii. Kenako, ndikulumbira pamaso panu, kunamveka kuseka. Osati kwachipongwe ayi. Kuseka kwa anthu ambiri otopa, kwapansipansi, ngati kuja timasekera mwana akavala malaya chadodolido. Udzu unagonanso.

Filesi ndiye anazindikira msanga. Anawomba m'manja n'kugwira m'chiuno.

"Bambo inu, mwayeza munthu, mwaiwala katundu! Mtolo umene ndinauona ine sungalowe apa. Amasenza chopingasa!"

"Unali wautali bwanji, mayi?"

Filesi anatambasula manja ake onse, n'kuyang'ana kwa ine.

"Achimwene, musaime ngati chitsa. Bwerani mugwire dzanja langa."

Ndinapita. Tinaima awiri, manja otambasula, iye n'kunena kuti kuchokera chala chake mpaka pachigongono changa chakutali. Tchale analemba ndi khala pakhoma. Anandiyang'ana n'kundipatsa nyundo yachiwiri. Tinagumula mpaka mdima, ndipo titapeza mitengo iwiri ya bulugamu yochirikiza pamwamba kuti khoma lisatsike, ntchito inali isanathe. Ndinapita kwathu manja ali matuza okhaokha.

Komatu musaganize kuti ndinasanduka munthu wabwino tsiku limodzi. Loweruka m'mawa a Bonongwe atafika pakhomo panga ndi gulu lawo, amuna ndi amayi, mapiki ndi makasu pamapewa, ine ndinaopa kuoneka wofewa. Ndinatenga piki yanga n'kutsogola. Mumtima ndinkangoti, Tchale, fulumira, Tchale, fulumira.

Tinafika dzuwa litakwera. Tinamupeza akuchotsa njerwa zomaliza, thupi lonse lofiira ndi fumbi. Makomo awiri aja anali yasa, moti utaima kumbali ya kuchigwa unkaona phiri la Kamphepo kudzera m'nyumba. A Bonongwe anakweza mawu.

"Zamasewera izi! Ife tati igwe, osati ichite mawindo!"

"Bambo Bonongwe," anatero Tchale modekha, "ndipatseni mpaka dzuwa lifike pamutu. Likapendeka zinthu zili chomwechi, piki yoyamba ndimenya ndine."

Anthu anang'ung'udza koma anakhala pansi, mbali ino ndi mbali iyo, kusiya pakati. Filesi anaika mitsuko itatu yodzaza m'mphepete mwa balaza, ndi ulusi wakuda watsopano pambale. Tchale anasamba m'manja ndi kumaso, anavula nsapato, anaima pambali pa khomo n'kuwomba m'manja katatu. Analankhula m'kalankhulidwe kakwawo kaja tinkamuseka nako.

"Akuluakulu, pepani takuchedwetsani. Sitinadziwe. Njira ndi iyi, piteni bwino."

Poyamba palibe chinachitika. A Bonongwe anatsokomola n'kugwira chogwirira cha piki.

Kenako nkhuku zonse zinakhala chete.

Mphepo yofunda inalowa pakhomo la kuchigwa, yonunkhira mchere. Pa simenti yowazidwa madzi ija panayamba kumveka mapazi opanda nsapato, tapu, tapu, tapu, pang'onopang'ono, a munthu mmodzi. Makatani a Filesi anapendekera kuphiri n'kukhala choncho osabwerera. Amene anali kutsogoloyo sankaimba. Amayi ena amati anaona ngati mthunzi wopindidwa bwino ukuyenda m'malere, pamsinkhu wa manja a munthu. Ine sindinaone, ndinali nditazolika. Atatuluka ameneyo, m'mbuyo mwake munabwera chigulu. Mapazi, mapazi, mapazi, mitolo ikulira tswii pamitu, wina akupuma mwamphamvu, wina akutsokomola, chikho chikugunda pamtsuko. Ndipo nyimbo ija inayamba, yapansipansi, mawu ake osamveka bwino, koma yokoma, ana inu, yokoma moti tsitsi linandiimirira ndipo misozi inangotsika yokha.

Tchale anayamba kuyankha nyimboyo. Filesi analowa ndi nthungululu. Amayi amene anabwera ndi makasu kudzagwetsa nyumba anayamba kuwomba m'manja motsatira mapaziwo. Ngakhale a Bonongwe ndinawaona phewa likugwedezeka, piki ili pansi. Gululo linadutsa nthawi yaitali kuposa mapemphero a Khirisimasi, mpaka mapazi anayamba kuchepa, kutsala a mmodzi wotsimphina, amene anadutsa mosafulumira. Makatani anagwa. Kuphiri udzu unkaweyuka mzere umodzi, kukwera, kukwera, mpaka tinautaya m'mitengo.

Ndiye wina anakuwa, "Taonani kumwamba!"

Mitambo ija inali itasuntha. Inadutsa pamwamba pa malata a Tchale, inaphimba mudzi wonse, inakagunda Kamphepo. Dontho loyamba linagwa pamphuno pa a Bonongwe. Lachiwiri sitinaliwerenge, chifukwa kumwamba kunangotseguka. Mvula yake! Anthu anakuwa, anavina m'matope, amayi anagubuduka, kenako matalala atayamba kulasa aliyense anathamangira pobisala. Ndipo pobisala pafupi panali pamodzi pokha. Mudzi wonse umene unabwera kudzagwetsa nyumba ya mkamwini unadzazana m'nyumba ya mkamwini, pabalaza, m'zipinda, mpaka kukhitchini, akuseka, akukamula zitenje, malata akulira moti sumamva mnzako.

Ine ndekha ndinatsala panja. Ndinaima kutsogolo kwa khomo lalikulu lija, madzi akutsika m'khosi, piki ikadali paphewa. Khomo loti ngolo n'kulowa, koma ine linandichepera. Anthu anandiona, phokoso linayamba kuzilala. Tchale anabwera n'kuima pakati pa khomo, Filesi pambali pake atapinda manja, akundiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa kuyambira tili ana.

Ndinatsitsa mutu, ine mwini mbumba, pamaso pa mudzi wonse.

"Odi kuno, eni nyumba."

Tchale anandisiya ndinyowe kaye pang'ono, ndipo ndikuti anachita bwino. Kenako anamwetulira, mano onse panja.

"Lowani, alamu. Koma pikiyo muisiye panja."

Ndinaiponya m'matope, n'kulowa.

Yathera pompo. Tsopano ndipatseni chimanga changa, mwachipsereza kale.